Kusunga njere za tomato wa makolo

Mwafunsa za kasungidwe ka njere za tomato wa m'dimba lanu ku Chigumula. Choyamba tsimikizani kuti si wa haibulidi, chifukwa ameneyo ana ake safanana ndi make.

Tcholani tomato wakupsa kwambiri pa tsinde lopanda matenda. Finyirani njere ndi madzi ake m'botolo, vundikirani ndi kansalu, zikhale masiku 3. Kotentha ngati mu Okutobala, masiku 2 akwana. Pamwamba padzachita chuku, kununkha ndithu, koma musataye ayi, kuwolako ndi kumene kumachotsa zoterera zija zoletsa njere kumera.

Thirani madzi. Zoyandama tayani, zomira tsukani. Yanikani m'mbale pamthunzi sabata imodzi, osati panyuzipepala, zimamatirira. Sungani mu envulopu pamalo ouma, mulembe chaka.