Valentine ndi ana, si ya zibwenzi zokha ayi

Pa 14 February anthu amangoganiza za zibwenzi ndi malaya ofiira, koma tsikuli ndi la Valentino Woyera, wansembe wa ku Rome amene anaphedwa cha m'ma chaka cha 269 chifukwa cha chikhulupiriro chake. Ndiye ana nawo akhoza kusangalala nalo bwinobwino.

Yambani ndi nkhani yakeyo koma mwachidule, mwana wa zaka 4 sangakhale phee nthawi yaitali, zoti anaphedwa podulidwa mutu zisiyeni kaye. Awerengereni 1 Akorinto 13 vesi 4, chikondi n'choleza mtima, basi zakwana.

Kenako makhadi. Musavutike ndi odula aja a ku Chichiri, February ndalama zimakhala zitathera kale ku fizi, ingopezani katoni ya sopo, sizasi ndi makrayoni mumsika wa Limbe kapena Ndirande, ana adule timitima alembepo dzina la agogo, aphunzitsi kapena mnzawo, akalemba mokhotakhota musawakonzere, agogo amakonda zomwezo. Guluu akasowa, kaphala ka ufa kamamata bwino.

Zakudya musachulutse, zitumbuwa, mondokwa wowotcha poti ndi nyengo yake, ndi Sobo wofiira. Mbale imodzi akapereke okha kwa aneba okalamba, musawanyamulire. Mvula ikagwa, zonsezi chitirani pakhonde.