Kutseka marivet odontha pa boti la aluminiyamu

Achimwene a ku Muloza, boti lanu lakale lomwe likulowa madzi pa Ruo lichiteni motere.

Likwezeni pa matayala kumtunda, muthire madzi m'kati. Suzumirani pansi, paliponse podontha mulembe ndi choko. Khuthulani, liume.

Mnzanu atsamize chitsulo cholemera pamutu pa rivet (kamsomali kolumikiza malata a boti) yomwe ikudonthayo, inu muzimenya mbali inayo ndi hamala pang'onopang'ono. Aluminiyamu ngofewa; mukapsa mtima mung'amba boti.

Rivet yothyoka ibooleni, muike ina ya aluminiyamu yomwe. Yachitsulo kapena yamkuwa ayi, imadya boti m'madzimo.

Kenako kwechani ndi sandipepa, pukutani ndi sipiriti, pakani epoxy, guluu wolimba wochita kusakaniza mitundu iwiri. Silicone wa mawindo musataye naye ndalama, amamatuka msanga. Pakatha tsiku limodzi thiraninso madzi muone.