Momwe mungakonzere zigawo za pulogalamu kuti zisasokonezeke zenera likachepa

Mapulogalamu ambiri ogwirira ntchito amagawa sikirini patatu: kumanzere kumakhala mndandanda wa zinthu, pakati ndi pomwe ntchito yeniyeni imachitikira, ndipo kumanja kumaoneka tsatanetsatane wa chinthu chimene mwasankha. Njira imene ndifotokoze pano ndi ya CSS Grid, njira yosanjira zinthu pa tsamba la intaneti m'mizere ndi m'mizati, yomwe Chrome, Firefox, Safari ndi Edge zinayamba kuilandira mu 2017, choncho simufunika kugula kapena kuwonjezera china chilichonse.

Musanalembe kalikonse, sankhani chigawo chimodzi chomwe chizitenga malo onse otsala zenera likakula, komanso chomwe chizipereka malo zenera likachepa. Kawirikawiri chimenechi ndi chapakati. Zigawo za m'mbali muzipatse kukula kokhazikika, mwachitsanzo 260px kumanzere ndi 320px kumanja, ndipo pa bokosi lalikulu lomwe lanyamula zonse mulembe display: grid, height: 100vh ndi grid-template-columns: 260px 1fr 320px. Mukatsegula tsambalo muona kuti zonse zakhala bwino, koma musafulumire kukhutira.

Vuto lili pa 1fr, mawu omwe amapatsa chigawo chapakati malo onse otsala. Ambiri amaganiza kuti akalemba 1fr ndiye kuti chigawocho chizikula ndi kuchepa mmene angafunire, koma browser imawerenga mawuwo ngati minmax(auto, 1fr), kutanthauza kuti chigawocho sichingachepe kuposa chinthu chachikulu chomwe chili mkati mwake. M'chigawomo mukakhala mawu wamba okha simuona vuto lililonse, chifukwa mawu amatsikira pamzere wotsatira. Koma tsiku limene mwalowa tebulo la mizati yambiri, kapena dzina lalitali la fayilo lopanda mpata pakati, chigawo chapakati chimafufuma ndi kukankhira chigawo cha kumanja kunja kwa sikirini. Kwa ine zinachitika pa pulogalamu yomwe inkaoneka bwino pa sikirini yaikulu, koma itatsegulidwa pa laputopu ya 1366 × 768, batani losungira ntchito linali litabisika kumanja, ndipo munthu ankayenera kukoka tsamba lonse cham'mbali kuti alipeze. Ndinafufuza nthawi yaitali mu tebulolo, pomwe cholakwika chinali mu mzere umodzi wa bokosi lalikulu.

Kukonza kwake n'kwapafupi. M'malo mwa 1fr lembani minmax(400px, 1fr), kapena minmax(0, 1fr) ngati mukufuna kuti chigawocho chizichepa popanda malire, kenako muike overflow: auto pa chigawo chilichonse kuti zinthu zikachuluka zizisuntha mkati mwa chigawo chawo osati tsamba lonse. Chenjerani kuti khalidwe lomweli limapezekanso mu flexbox, njira ina ya CSS yosanjira mabokosi: ngati mkati mwa chigawo mwaikamo mabokosi ena a flex, lililonse lomwe lanyamula zinthu zazitali lifunika min-width: 0, ndipo ngati mabokosiwo asanjikizana kuchokera pamwamba kupita pansi, lifunika min-height: 0. Mukaiwala bokosi limodzi lokha pakati pa onsewo, vutolo libwerera. Ena amadulira njira poika overflow: hidden pa tsamba lonse, koma zimenezi zimangochotsa chokokera cham'mbali pomwe batani lija likadali kunja, ndipo tsopano palibenso njira yolifikira.

Ndinenepo pang'ono za ma template, masamba okonzedwa kale ogulitsidwa pa intaneti. Ogulitsa ena amaonetsa zithunzi zokongola zojambulidwa pa sikirini yaikulu, koma mukalipira n'kutsegula mumapeza kuti zigawo zonse anaziika ndi position: absolute pa manambala okhazikika. Musanapereke ndalama, tsegulani chitsanzo chawo ndi kuchepetsa zenera mpaka theka, ndipo ngati wogulitsa alibe chitsanzo choti muyesere, musagule.

Chotsatira ndi chogwirira chomwe wogwiritsa ntchito amakoka kuti akulitse chigawo. Onjezani mzati wopyapyala wa 6px pakati pa zigawo, muupatse cursor: col-resize, ndipo kukula kwa chigawo cha kumanzere mukusunge mu CSS variable yomwe JavaScript izisintha pa pointermove, kutanthauza mawusi ikamasuntha. Pa pointerdown, pamene munthu wadina chogwiriracho, musaiwale kuitana setPointerCapture, apo ayi munthu akakoka mawusi mwachangu chogwiriracho chimatsalira m'mbuyo. Ikani malire, mwina 180px ndi 480px, kuti wina asakoke chigawo mpaka kuzimiririka n'kusowa pochibwezera.

Zotsalazo n'zosavuta. Sungani kukula kwa zigawo mu localStorage, malo osungira zinthu a mu browser, koma pulogalamu ikamatseguka ionetsetse kuti nambala yosungidwayo ikukwanabe pa zenera la tsikulo. Zenera likachepa kuposa 1000px bisani chigawo cha kumanja ndi media query, lamulo la CSS lotsatira kukula kwa zenera, popeza 260, 400 ndi 320 zikaphatikizana zimakwana 980 musanawerengere zogwirira. Chogwirira chilichonse chipatseni role="separator" ndi tabindex="0" kuti chizifikirika ndi kiyibodi, kenako mulembe JavaScript yoti izichisuntha munthu akadina mivi ya pa kiyibodi. Pomaliza yesani pa kompyuta yomwe Windows yake yaikidwa kuti izikulitsa zinthu za pa sikirini kufika 150%, chifukwa pamenepo sikirini ya 1920 imangopatsa tsamba lanu 1280px.