Wi-Fi ikukana pa foni? Musathamangire kwa okonza kaye

Kuno ku Mchinji Wi-Fi ikangovuta anthu timathamangira kwa anyamata okonza mafoni pa Boma, kukasiya ndalama pa zinthu zoti tikanapanga tokha tili pakhonde. Choyamba dziwani kaye wolakwa ndi ndani, foni yanu kapena komwe Wi-Fi ikuchokerako. Bwerekani foni ya mnzanu mulumikize pomwepo, nayonso ikakana ndiye kuti yanuyo ilibe mlandu.

Ikalumikiza koma nkulemba kuti "Connected, no internet", nthawi zambiri bandulo yatha pa MiFi (kachipangizo koika simu kopereka Wi-Fi) kapena pa foni imene ikupereka hotspot, funsani mwini wake aone balansi, osamangoti netiweki yavuta ayi. Koma ife a kufupi ndi boda tili ndi lathu vuto lina. Mlamu wanga amakhala chakufupi ndi boda ya Mwami uko, tsiku lina anandiyatsira hotspot, bandulo ilipo yambiri, mabala a netiweki odzadza bwinobwino koma WhatsApp ikungozungulira, tinazimitsa nkuyatsa kangapo mpaka kutopa, kuyang'anitsitsa pamwamba paja tikuona dzina la netiweki ya ku Zambia! Foni ya mlamuyo inali itawoloka yokha ife tili pa mkeka. Zikatero lowani mu Settings pa foni yopereka hotspotyo, Mobile network, chotsani pa automatic musankhe nokha Airtel kapena TNM malinga ndi simu yanu. Osayatsa data roaming (yolola intaneti pa netiweki yakunja), mayunitsi amapita ngati madzi.

Dzina la Wi-Fi likapanda kuoneka nkomwe, mwina hotspot ili pa 5 GHz (Wi-Fi imatha kuyenda pa 5 GHz kapena pa 2.4 GHz), mafoni ena akalekale komanso otchipa aja saiona imeneyo. Muuzeni mwiniyo aike pa 2.4 GHz, ndi yochedwerako pang'ono koma imafika patali ndipo imadutsako khoma. MiFi nayonso musaibise mu kabati kuopa ana, ikani pawindo.

Ikamakana pasiwedi dinani dzina la Wi-Fi, Forget, mulembenso modekha, chilembo chachikulu ndi chaching'ono ndi zosiyana kumeneko. Onaninso deti ndi nthawi, foni ikakhala yothima masiku angapo nthawi zina imasokoneza deti ndiye masamba ena amakana kutseguka.

Airplane mode yatsani kwa masekondi 30 nkuzimitsa, imathandiza kuposa mmene mungaganizire. Zonsezi zikakanika mpamene mupange Reset network settings. Zithunzi ndi manambala sizichoka, koma mapasiwedi onse a Wi-Fi amafufutika, ndiye ngati ya aneba munaipeza movutikira, ilembeni kaye papepala.