Chilombo chikauluka, sanjikizani zitsekerero za mabotolo

Anzanga amene mumayendetsa masewera a Dungeons & Dragons (aja a patebulo, osewera nthano ndi madayisi, tizidole ndi mapu) kuno ku Joni, nayi nzeru yomwe yatipulumutsa ife ku Rosettenville.

Ndinapeka chilombo cha kugehena, mapiko ngati a mleme, mkamwa mukufuka utsi wa sufule. Koma chikangouluka, aliyense amaiwala kuti chili m'mwamba. Wa lupanga akuti ndachibaya, ine ndikuti aise, sungachifikire. Theka la ola limathera pa mkangano.

Musataye ma rand kugula timiyendo tapulasitiki tokwezera kachidole m'mwamba. Tolani zitsekerero za mabotolo a Coke, muzisanjikize pansi pa kachidole ka chilombocho. Chitsekerero chimodzi ndi mafiti 5, ngati kabokosi kamodzi pamapu. Chikakwera mafiti 20, zinayi. Pakati pake matani ka Prestik (kaja komatira mapepala pakhoma), chifukwa wina amagunda tebulo basi, makamaka magetsi akathima.

Zimathandiza poti aliyense amadzionera yekha kutalika kwake, palibe kufunsana. Ndiponso wina akachigwetsa, ngati si chija chotha kuima malo amodzi mumlengalenga, mumangowerenga zitsekerero: ziwiri zilizonse ndi mafiti 10, ndiye mumaponya d6 imodzi (dayisi ya mbali 6) ya kuvulala.