Nthawi yabwino yopita ku chilumba cha Likoma

Anzanga a kuno ku Mzuzu amene mukuganiza zokacheza ku Likoma, musayese nyengo ya kunyanja potengera chifunga ndi kuzizira kwa mumzinda wathu uno, chifukwa mukangotsetsereka msewu wa ku Nkhata Bay mumayamba kuvula majuzi musanafike n'kudoko komwe.

Choyenera kuchiganizira kwambiri ndi mphepo ya mwera, yomwe imaomba kuchokera kummwera chakummawa ndipo imalimba kuyambira Juni mpaka Ogasiti. Ikakwiya, mafunde amakula moti ngakhale sitima ya Ilala, yomwe yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, imagwedezeka ndipo okwera ambiri amachita mseru. Amene amakwera maboti aang'ono a injini ndiwo amakhala pachiswe, choncho nthambi yoona zanyengo ikachenjeza za mwera pawailesi, chonde imitsani ulendo, makamaka ngati muli ndi ana.

Ine ndimalangiza Seputembala ndi kumayambiriro kwa Okutobala, pamene mphepo yazizira mtima ndipo madzi amayera mpaka nsomba za mbuna zimaoneka zikusewera m'miyala ya m'mphepete. Dzuwa limaswa mtengo nthawi imeneyi, kotero ku tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chomwe anayamba kumanga mu 1903, pitani mmamawa, masana mukapume pansi pa milambe. Meyi nayenso ndi wabwino, chilumba chikadali chobiriwira.

Kuyambira Disembala mpaka Epulo ndi nthawi ya mvula yamabingu ndipo udzudzu umachuluka. Ngati ulendo uli wosalephereka, musaiwale neti ndi pulasitiki yokutira katundu.