Momwe mungagwiritsire ntchito mneni wa Chingerezi "crave"

Ophunzira Chingerezi ambiri amadalira "want" pa chilichonse chimene mtima wafuna. Koma pali kufuna kwina kosagonetsa tulo, konga chibaba cha munthu amene wasiya fodya dzana, dzanja likungopita lokha m'thumba momwe munkakhala ndudu. Kufuna kotereku ndiko "crave". Potchula, amamveka mofanana ndi "save" ndi "wave".

Choyamba, yesani kukula kwa chilakolakocho. Ngati mukungofuna cholembera kuti musayine kalata, "want" akukwanirani. "Crave" musungireni chinthu chimene thupi kapena mtima ukuchilirira, monga nkhuli kapena zija amazifuna mayi woyembekezera pakati pa usiku. Mukamutchula pa zinthu zazing'ono, mphamvu yake imatha.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pomwe ambiri amapunthwa, chinthu chofunidwacho chibwere pompo pambuyo pa mneniyu. Nenani kuti "She craves coffee". Mudzamva ena akuti "crave for", ndipo m'mabuku ena zimapezekadi, koma ine ndimalangiza ophunzira kuti amusiye mperekezi ameneyu, chifukwa kalankhulidwe kofala masiku ano n'kopanda iye. Malo enieni a "for" ndi pambuyo pa dzina lakuti "craving", monga mu "He has a craving for sugar". Chisokonezochi chimachokera kwa aneni ena awiri, "long" ndi "yearn", omwe amayenda ndi "for" akamatchula chinthu. Awiriwa ndi oyenera pokamba za kupukwa, monga kusowa kwanu kapena munthu amene ali kutali.

Chachitatu n'chosavuta. Za kale ndi "craved", za munthu mmodzi amene mukumukamba ("he" kapena "she") ndi "craves", ndipo polemba "craving" chilembo cha e chimachoka.

Kenaka mutulutseni m'khitchini. Mneniyu amakoma kwambiri pokamba za njala ya mumtima. Mwana amene amagwetsa dala kapu alendo akabwera, maso ali pa mayi ake, Angerezi amamufotokoza kuti "The child craves attention". Momwemonso munthu atha kulakalaka chikondi, ulemu kapena bata, ndipo zonsezi zimalowa bwino pambuyo pa "crave".

Pali tanthauzo lina lakale loti mulidziwe kuti lisakudabwitseni. Mawuwa anachokera ku "crafian" m'Chingerezi chamakedzana, kutanthauza kupempha mwamphamvu. N'chifukwa chake m'makhoti ndi m'malankhulidwe aulemu kwambiri mungamve wina akuti "I crave your indulgence", uku akupempha kuti amulezere mtima. Pocheza ndi anzanu musayankhule chonchi.

Musamusokonezenso ndi "craven", amene amanena za munthu wamantha. Kuti muzolowere, lembani ziganizo zitatu lero: china cha chakudya, china cha mumtima, ndi china chokhala ndi "a craving for", kenaka muziwerenge mokweza.